Kusula Osamalira Odwala Maganizo: Kuchokera ku Ingutsheni Kufika ku Minda ya Tiyi ya ku Honde

Maphunziro a pantchito a anthu osamalira odwala maganizo ndi maphunziro amene namwino, dokotala kapena wopereka uphungu amapitiriza kulandira atachoka kale kusukulu ya ntchito yake. Amafunika m'nthambi iliyonse ya zachipatala, koma pa matenda a maganizo kufunika kwake n'kwapadera, chifukwa zimene zimasautsa anthu zimasintha ndi nyengo. Namwino amene anaphunzira za misala ndi khunyu mu 1985 anadzakumana ndi amasiye a Edzi patangopita zaka khumi, kenako anthu ochotsedwa m'mafamu, kenako opulumuka ku namondwe, ndipo lero akulandira anyamata osokonezeka ndi mankhwala ozunguza bongo amene mabuku ake sanawatchule n'komwe. Mbiri ya maphunzirowa imaoneka bwino munthu akaima kutali ndi likulu, monga ku Ruda, pafupi ndi Hauna m'chigwa cha Honde, kapena kuminda ya tiyi ya ku Chipinge, m'chigawo cha Manicaland kum'mawa kwa Zimbabwe. Kumeneko kuli Amanyika, Andau, anthu ochokera ku Mozambique ndi zidzukulu za Amalawi amene anapita kukathyola tiyi osabwereranso kwawo, ndipo mavuto aakulu onse a zaka 50 zapitazi anadutsa pakhomo pawo.

Zipatala zisanabwere, wosokonezeka mutu ankapita naye kwa sing'anga, ndipo sing'angayo sankamaliza kuphunzira. Ankayamba ndi kunyamula thumba la mankhwala la mkulu wake, n'kumaonjezera nzeru poona odwala ndi pofunsa anzake. Chisoni cha maliro, mantha ndi mikangano ya m'banja zinali m'manja mwa ankhoswe, azakhali ndi akuluakulu a mudzi. Anthu a ku Nyasaland atayamba kupita ku Southern Rhodesia kukafuna ntchito anatenga zina mwa njirazi: gule wamkulu m'makomboni, magulu othandizana pamaliro, ndiponso mpingo umene unayamba kuwatumikira mu Salisbury mu 1912, womwe lero ndi Sinodi ya Harare ya CCAP. Mchona akayamba kulankhula yekha kapena kusowa tulo polakalaka kumudzi, oyamba kumuona anali amenewa.

Boma la atsamunda linabweretsa njira yotsekera. Chipatala cha Ingutsheni chinatsegulidwa ku Bulawayo mu 1908, ndipo ku Nyasaland odwala misala anayamba kusungidwa mbali ina ya ndende ya Zomba mu 1910, chipatala chenicheni cha Zomba Mental chisanamangidwe mu 1953. Lynette Jackson, amene analemba mbiri ya Ingutsheni, anaonetsa kuti amuna ambiri akuda ankafika kumeneko kudzera m'manja mwa apolisi ndi mabwana a ntchito, osati achibale awo. Ogwira ntchito akuda m'zipatalazi ankaphunzira poonera: kusunga makiyi, kugwira wodwala wolusa, ndipo mankhwala a chlorpromazine atafika m'zaka za m'ma 1950, kugawa mapiritsi. Za kumvetsera wodwala panalibe wowaphunzitsa. M'nyengo yomweyo tiyi ankafalikira m'mapiri a kum'mawa. Woyamba anabzalidwa ku New Year's Gift, ku Chipinge, mu 1924, pomwe panayambira kampani ya Tanganda, ndipo ku Honde minda ikuluikulu monga Aberfoyle inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1950. Tizipatala ta m'maesiteti tinkalimbana ndi malungo, mabala ndi uchembere. Wantchito wosokonezeka mutu ankachotsedwa ntchito, kapena kutumizidwa ku Bulawayo, ulendo wa makilomita oposa 500.

Nkhondo ya ufulu inagwera chigwa cha Honde mwamphamvu chifukwa chili m'malire ndi Mozambique. Ku Ruda kunali msasa wa apolisi ndi asilikali a boma la Ian Smith, pamodzi ndi bwalo la ndege zing'onozing'ono. Mu Disembala 1976 antchito 27 a esiteti ya Aberfoyle anaomberedwa mabanja awo akuona, ndipo boma la Smith linati anachita zimenezi ndi ankhondo omenyera ufulu a ZANLA. Anthu a m'chigwacho anasamutsidwa m'midzi yawo n'kutsekeredwa m'midzi yozingidwa ndi waya. Ufulu utabwera mu 1980 mtendere sunakhalitse, pakuti kuyambira 1987 zigawenga za Renamo zinkaoloka malire n'kumaukira midzi ndi maesiteti mpaka pangano la ku Rome la 1992. Heike Schmidt, wolemba mbiri amene anachita kafukufuku wake m'chigwa cha Honde chomwechi, anafotokoza mmene anthu anasenzera masautso amenewa ndi mmene anafunira machiritso kwa mizimu ndi m'mipingo. Ntchito yotonthoza opulumuka inagwiridwa kunja kwa chipatala, pakuti anamwino a nthawi imeneyo sanaphunzitsidwe kuona kugwirizana kwa mutu wosatha kuwawa ndi zimene munthu anaona pankhondo.

Boma latsopano linayesetsa kufikitsa chithandizo kumidzi. Mu 1981 linayambitsa ntchito ya alangizi a zaumoyo a m'midzi, osankhidwa ndi anthu a m'mudzi momwemo. Asing'anga anapanga bungwe lawo la ZINATHA mu 1980, lotsogozedwa ndi Pulofesa Gordon Chavunduka, ndipo lamulo lowavomereza linatuluka chaka chotsatira. Anamwino ophunzira za matenda a maganizo ku Ingutsheni anayamba kutumizidwa m'zigawo ndi m'maboma, ndipo ku Mutare odwala a m'chigawo cha Manicaland anayamba kuonedwa ku Sakubva. Bungwe la Amani Trust, lomwe linayamba mu 1993, linaphunzitsa anamwino a ku Mount Darwin kuzindikira anthu ozunzidwa pankhondo ya m'ma 1970. Lamulo latsopano la matenda a maganizo linatuluka mu 1996. Zonsezi zinathandiza, koma maphunziro ambiri anali otengedwa m'mabuku a ku Ulaya momwe analili, ndipo mafunso ake sankafanana ndi mmene odwala amafotokozera mavuto awo.

Kusintha kwenikweni kunayambira pa mfundo imeneyi, ndipo kunatenga zaka pafupifupi 20. M'zaka za m'ma 1990 dokotala wa ku India, Vikram Patel, ankagwira ntchito ku University of Zimbabwe. Iye ndi anzake anapita m'zipatala zing'onozing'ono za mu Harare ndi kwa asing'anga, kukamva mawu amene odwala eni ake amanena. Anapeza kuti munthu wovutika mumtima sanena dzina la matenda. Amadandaula mutu, m'mimba, kusowa tulo ndi kufooka, ndipo akafunsidwa chifukwa chake amati kufungisisa, kutanthauza kuganiza kwambiri. Kuchokera m'mawu a odwalawo anakonza mafunso 14 oyankha kuti inde kapena ayi, otchedwa Shona Symptom Questionnaire, amene anasindikizidwa mu 1997. Dzina la Patel ndilo limadziwika padziko lonse, makamaka chifukwa cha buku lake la 2003 lothandiza ogwira ntchito kumalo kopanda dokotala wa matenda a maganizo, koma ntchitoyo sakanaitha popanda anzake a ku Zimbabwe, E. Simunyu ndi F. Gwanzura, amene mayina awo ali pa kafukufukuyo. Kufunika kwa pepala la mafunso 14 n'kwakuti linachititsa kuti luso lozindikira matenda likhale lophunzitsika kwa namwino wamba m'masiku ochepa, m'chinenero chimene amalankhula ndi odwala ake.

Komabe kuzindikira matenda si kuchiza. Gawo lachiwiri linabwera ndi mavuto a 2005, pamene boma linagumula nyumba ndi misika m'matauni pa chimene chinatchedwa Murambatsvina. Lipoti la bungwe la United Nations, lolembedwa ndi Anna Tibaijuka, linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena ntchito. Dokotala Dixon Chibanda wakhala akufotokoza poyera za wodwala wake wina, mtsikana wa m'mudzi wa kumapiri a kum'mawa, amene anadzipha banja lake litasowa ndalama ya basi yopitira naye ku Harare. Nkhani imeneyi ikuonetsa pamene panali vuto: katswiri analipo, mankhwala analipo, koma zonse zinali kutali. Mu 2006 Chibanda anayamba ntchito ku Mbare ndi amayi achikulire 14 amene ankagwira kale ntchito yolangiza zaumoyo pansi pa khonsolo ya mzinda wa Harare. Popeza m'chipatala munalibe chipinda chopatula, anaika benchi yamatabwa pabwalo, ndipo ntchitoyo inatchedwa Friendship Bench.

Njira imene agogowa anaphunzira ndi yothandiza munthu kuthetsa yekha mavuto ake. Wodwala amatchula zonse zomulemera, amasankha chimodzi chimene angathe kuyambapo, amaganizira njira zingapo, n'kugwirizana ndi agogowo chimene akachite asanabwerenso. Amakumana kasanu n'kamodzi. Chibanda mwini amavomereza kuti mawu a m'mabuku amene anabwera nawo agogowo anawakana, ndipo ndiwo anapereka mayina a magawo a chithandizocho: kuvhura pfungwa, kusimudzira ndi kusimbisa, ndiye kuti kutsegula maganizo, kukweza mtima ndi kulimbikitsa. Apa wophunzitsa anasanduka wophunzira, ndipo ulemu wa njirayi uyenera kugawidwa moyenera. Madokotala anabweretsa dongosolo ndi kafukufuku, koma chimene chinachititsa kuti mayi wa ku Mbare akhale pansi n'kuulula za nkhanza za m'banja mwake chinali luso la agogo amene anakhala zaka zambiri akuyenda khomo ndi khomo m'dera lomwelo.

Umboni unatuluka mu Disembala 2016 m'magazini ya zachipatala ya JAMA. Kafukufukuyo anachitika m'zipatala 24 za mu Harare ndi anthu 573, ambiri mwa iwo amayi, ndipo oposa 40 pa 100 alionse anali ndi kachilombo ka HIV. Patatha miyezi isanu n'umodzi, mwa amene anathandizidwa pa benchi pafupifupi 14 pa 100 alionse ndiwo anali akadali ndi zizindikiro za matenda a kukhumudwa, pamene mwa amene analandira chithandizo chanthawi zonse anali pafupifupi 50 pa 100 alionse. Anthu ambiri akamva nkhaniyi amagoma kuti agogowo anaphunzira masiku 9 okha. Kugoma kumeneko kumaphonya mfundo yaikulu. Masiku 9 anali chiyambi chabe. Pambuyo pake agogowo ankakumana pafupipafupi ndi owayang'anira kukambirana za odwala ovuta, ankathandizana okhaokha, ndipo wodwala akanena zofuna kudzipha panali njira yodziwika yomufikitsira kwa namwino, kwa katswiri wa zamaganizo monga Ruth Verhey, kapena kwa dokotala kudzera pafoni. Khasu silinoledwa tsiku logulidwa lokha. Chimene Mbare inaphunzitsa dziko n'chakuti maphunziro opitirira a wosamalira maganizo amachitikira pantchito pomwepo, pokambirana za munthu weniweni amene wabwera mlungu umenewo, ndipo kuyang'aniridwa kotereku ndiko mtima wa nkhani yonse.

Ku Malawi umboni wofanana unachokera m'boma la Machinga, kumene Dokotala Felix Kauye anayesa kuphunzitsa ogwira ntchito m'zipatala zing'onozing'ono kwa masiku ochepa. Zotsatira zake, zosindikizidwa mu 2014, zinaonetsa kuti ophunzitsidwawo anayamba kuzindikira odwala nkhawa ndi kukhumudwa ambiri, ndipo chiwerengero cha olembedwa kuti ali ndi malungo chinatsika. Ndiye kuti anthu ena amene ankabwerera kunyumba ndi mankhwala a malungo anali ovutika mumtima. Ku Zomba alangizi a zaumoyo anaphunzitsidwanso, ndipo ku Mzuzu sukulu ya St John of God yakhala ikusula anamwino ndi madokotala ang'onoang'ono pa matenda a maganizo. Njira ya benchi nayo inayesedwa ku Lilongwe pakati pa anthu amene ali ndi HIV ndi amayi oyembekezera.

Pamene izi zinkachitika, mbali ya malamulo nayo inkakula. Lamulo la ntchito zachipatala la 2000 linaika anamwino, madokotala ndi akatswiri a zamaganizo a ku Zimbabwe pansi pa makhonsolo awoawo, ndipo makhonsolowa amafuna kuti munthu asonkhanitse mapointi a maphunziro asanakonzetsenso chiphaso chake cha chaka. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linakhazikitsa pulogalamu ya mhGAP mu 2008, ndi buku lake lotsogolera ogwira ntchito wamba mu 2010, lomwe linakonzedwanso mu 2016. Mu 2015 kunayamba AMARI, mgwirizano wosula akatswiri a kafukufuku wa ku Zimbabwe, Malawi, Ethiopia ndi South Africa. Koma ophunzitsidwa sankakhalitsa. Ndalama ya Zimbabwe itatha mphamvu mu 2008, kolera n'kupha anthu oposa 4,000, anamwino ambiri anapita ku South Africa, Botswana ndi Britain, ndipo kuchokako sikunaleke. Kauniuni wa WHO wa 2020 anapeza madokotala a matenda a maganizo 18 okha m'dziko lonse, pafupifupi onse ali mu Harare, ndi anamwino a nthambiyi oposa 900. Chiwerengerochi chikusonyeza poyera amene ayenera kuikidwa patsogolo pa maphunziro.

Dongosolo la mapointi lili ndi chilema chake. Limawerenga masiku amene munthu anakhala pamsonkhano, osati zimene akuchita kwa wodwala. Misonkhano yambiri imachitikira m'mahotela a m'tauni ndi ndalama za mabungwe, mitu yake imasankhidwa ndi opereka ndalamazo, ndipo chifukwa cha alawansi opitako kawirikawiri amakhala akuluakulu omwewo. Namwino amene ali yekha pa kachipatala ka kumapiri sangatseke chitseko mlungu wathunthu. Motero amene amaona odwala ochuluka ndiye amaphunzira mochepa.

Namondwe wa Idai anayesa zonsezi. Usiku wa pa 15 Malichi 2019 mvula ndi mphepo zinagwetsa mapiri m'maboma a Chimanimani ndi Chipinge, miyala ndi matope zinakwirira nyumba ku Ngangu, ndipo madzi anakokolola malo a Kopa. Anthu oposa 340 anafa m'Zimbabwe, ndipo mazana ena sanapezeke, mitembo ina itakokoledwa mpaka ku Mozambique. Anamwino, aphunzitsi ndi abusa anakumana ndi chisoni cha mtundu wina, cha banja lolira munthu amene silinamuike m'manda. Apa panaoneka chifukwa chake maphunziro akale sakwanira. Kale opereka uphungu ankaphunzitsidwa kusonkhanitsa opulumuka pangozi n'kuwauza kuti afotokoze zonse zimene anaona. Kafukufuku anadzaonetsa kuti njirayi sithandiza ndipo ena imawapweteka, choncho WHO inaikana n'kulimbikitsa chithandizo choyamba cha maganizo, chimene buku lake linatuluka mu 2011: kuona amene ali pachiopsezo, kumvetsera popanda kukakamiza, ndi kulumikiza munthu ndi achibale, chakudya ndi pogona. Malangizo a WHO a 2013 analetsanso kupereka mankhwala monga diazepam kwa munthu amene wangodzidzimuka ndi ngozi. Wogwira ntchito amene sanaonjezere maphunziro angathe kuchita zoletsedwa ziwirizi ndi mtima wabwino ndithu. Mabungwe anaphunzitsa anthu mwachangu m'miyezi yotsatira, koma chisoni cha ngozi yotere chimatenga zaka, pamene ndalama za ngozi zimatha msanga. Tisaiwalenso kuti othandizawo nawo anali ataferedwa, ndipo maphunziro abwino amapereka mpata woti iwonso atule zawo.

Patangotha chaka kunabwera Covid-19, ndipo dziko la Zimbabwe linatsekedwa pa 30 Malichi 2020. Uphungu ndi maphunziro zinasamukira pafoni ndi pa WhatsApp. Kwa ogwira ntchito kutali ichi chinali chitseko chatsopano, pakuti namwino wa ku Hauna akanatha kufunsa katswiri popanda kuyenda makilomita pafupifupi 100 kupita ku Mutare. Chovuta chinali netiweki ya m'zigwa, magetsi ndi mtengo wa bandulo, zimene wogwira ntchito amalipira kuchokera m'thumba mwake.

Kuminda ya tiyi kuli zina zimene maphunziro okonzedwa mu Harare sazifika. Choyamba ndi chinenero. Mafunso 14 aja anakonzedwa m'Chishona cha mumzinda, pamene ku Chipinge anthu amalankhula Chindau, ku Honde Chimanyika, ndipo nkhalamba za m'makomboni zikafika pa nkhani ya mumtima zimabwerera ku Chichewa, Chiyao kapena Chisena. Ku Tongogara, msasa wa othawa kwawo umene unatsegulidwa m'boma la Chipinge mu 1984, zinenero n'zochulukirapo. China ndi kagwiridwe ka ntchito. Wothyola tiyi amalipidwa potengera kulemera kwa masamba amene wathyola, ndipo nyengo ya mvula, pamene tiyi amaphuka kwambiri, tsiku lopita kukaonana ndi wopereka uphungu ndi tsiku lotaya ndalama. Kukumana kasanu n'kamodzi kumatheka pokhapokha ngati benchi ili pafupi ndi komboni ndipo kapitawo akumvetsa. Palinso nkhawa ya mbadwa za Amalawi. Kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kunasiya ambiri obadwira ku Zimbabwe opanda dziko, ndipo ngakhale malamulo aakulu a 2013 anatsegula njira kwa ana a makolo ochokera m'mayiko a SADC, ena akadalibe zitupa. Bambo amene wagwira ntchito pa esiteti moyo wake wonse, nyumba n'kukhala ya kampani, kumudzi kwa makolo ake ku Mulanje kapena ku Mangochi osakudziwa, akamasowa tulo ukalamba utayandikira sakhala akudwala malungo. Namwino amene sanamvepo mbiri imeneyi angamupatse panado n'kumubweza.

Anthu oti aphunzitsidwe alipo kale m'derali: anamwino a chipatala cha Hauna ndi a tizipatala ta m'maesiteti, alangizi a zaumoyo a m'midzi, amayi a mvano ndi akuluampingo, atsogoleri a magulu a maliro, asing'anga, ngakhalenso apolisi a ku Ruda, amene nthawi zambiri ndiwo oyamba kuitanidwa munthu akayesa kudzipha kapena akalusa. Zimene akusowa ndi munthu wodziwa wobwera mwezi ndi mwezi kudzakhala nawo pansi, ndi nambala ya foni imene imayankhidwa usiku. Minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi Mulanje, imene namondwe wa Freddy anaisakaza mu Malichi 2023, ikusowa zomwezo. Makampani a tiyi ali ndi zipatala, galimoto ndi malo, choncho angathe kulipira ulendo wa namwino wa matenda a maganizo kamodzi pamwezi ndi kumasula antchito maola ochepa popanda kuwadula malipiro. Makhonsolo a anamwino ndi madokotala, ku Zimbabwe ndi ku Malawi komwe, ayambe kupereka mapointi pa maola amene wogwira ntchito wakambirana za odwala ake ndi womuyang'anira pachipatala chake chomwecho, monga amaperekera kwa wopita kumsonkhano wa kuhotela.